Kafukufuku wa za anthu ndi chikhalidwe akulowera kuti? Mafunso ndi mayankho

Chaka ndi chaka, ophunzira a mbiri, zilankhulo, ndale, chipembedzo ndi kakhalidwe ka anthu amafika pomwe ayenera kusankha mutu wa kafukufuku. Ambiri amatenga mutu umene anzawo analemba chaka chatha n'kungosintha dzina la boma: za ku Dedza zisanduke za ku Ntcheu. Zimandipweteka, chifukwa nkhani zimene palibe wazikhudza ndi zambirimbiri, ndipo zina mwa izo zili pafupi kutayika. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ophunzira a ku Zomba, Mzuzu, Thyolo ndi kwina amafunsa kawirikawiri.

Kodi mitu yakale ija yatha ntchito?

Ayi. Umphawi, Edzi, maukwati a ana ndi kusiyira sukulu panjira zikadalipo. Vuto ndi loti kwa zaka zambiri mafunso ankabwera ndi mwini ndalama. Bungwe lakunja likafuna kudziwa za makondomu, aliyense ankafufuza za makondomu. Likatembenukira ku ulamuliro wabwino, tonse ulendo komweko. Wophunzira wa kuno ankasanduka wotolera mayankho, ndipo woganiza ndi kulemba ankakhala wina, kutali. Thandika Mkandawire, Mmalawi amene anatsogolera bungwe la ofufuza a mu Africa la CODESRIA ku Dakar kuyambira 1986 mpaka 1996, analimbana ndi khalidwe limeneli mpaka imfa yake mu 2020. Chatsopano chenicheni lero ndi chakuti funso lizichokera kwa anthu amene akukhala m'vutolo, ndipo lizifunsidwa m'chilankhulo chimene iwo amadandaulira.

Mwa zonse, n'chiti chimene chikufunika changu?

Kujambula mawu a anthu amene anaona zaka za 1959 mpaka 1994 ndi maso awo. Apa sindikayika.

Werengani nokha. Mnyamata amene anali ndi zaka 18 pa 3 Malichi 1959, tsiku limene boma la atsamunda linamanga atsogoleri a Nyasaland African Congress ndipo anthu anawomberedwa padoko la Nkhata Bay, lero wapitirira zaka 80. Amene anathawira kunja chifukwa cha kusamvana kwa nduna mu 1964 atsala owerengeka. A Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967 n'kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique, akukalamba. Chimodzimodzinso amene anatsekeredwa m'ndende za ku Mikuyu ndi ku Dzaleka, amayi amene ankavina pamisonkhano atavala nsalu ya chipani, ndi a payoniya amene anabalalika pamene asilikali ankawalanda zida pa Operation Bwezani mu Disembala 1993. Za nduna zitatu ndi phungu mmodzi amene anaphedwa ku Mwanza mu 1983 zinalembedwa, ndipo n'koyenera. Koma za mphunzitsi wa kumudzi amene anachotsedwa ntchito chifukwa cha liwu limodzi, kapena mayi amene anabwezedwa pachipata cha msika chifukwa analibe khadi la chipani, zili m'mitu mwa eniake basi.

Nthawi imeneyo kulemba kunali koopsa. Kunali lamulo lopima mabuku ndi zisudzo la 1968, ndipo ngakhale m'banja nkhani zina zinkanenedwa monong'ona. N'chifukwa chake mapepala a boma a zaka zimenezo amanena zochepa za mmene munthu wamba ankakhalira. Ndipo ofufuza asamve mbali imodzi yokha. Alipo okalamba amene amakumbukira nthawiyo ndi mtima wabwino: misewu yosesedwa, feteleza wotsika mtengo, kugona osaopa akuba. Alipo amene anali tcheyamani wa nthambi ya chipani ndipo sanafunsidwepo chimene ankaganiza pogulitsa makhadi. Onsewa ayenera kumvedwa, aliyense m'mawu ake.

Ntchitoyi sifuna galimoto. Foni yojambula mawu, kope, ndi kuleza mtima n'zokwanira. Agogo sayamba ndi nkhani yowawa. Tsiku loyamba akuuzani za mvula ndi mitengo ya zinthu, ndipo mukabweranso kachitatu, mutakhala pamphasa n'kumathandiza kutong'ola chimanga, m'pamene amatchula dzina la mchimwene wawo amene anatengedwa usiku. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga nkhani zapakamwa n'zodalirika? Anthu amaiwala, ena amakometsera.

Amaiwaladi. Koma DC wachizungu amene ankalemba lipoti atakhala m'boma naye anali ndi zimene ankafuna kuti akuluakulu ake amve. Pepala ndi pakamwa zonse zimafunika kupimidwa, china ndi chinzake.

Chitsanzo chabwino ndi njala ya 1949. Atsamunda ankati inadza chifukwa anthu anachulukana ndiponso anatanganidwa ndi fodya m'malo mwa chimanga. Megan Vaughan, m'buku limene linatuluka mu 1987, anawerenga mafayilo a boma, koma anakamvetseranso nyimbo zimene amayi a m'boma la Blantyre ankaimba posinja. M'nyimbozo munatuluka zimene mafayilo sananene: amuna amene anapita kwawo kukafuna chakudya osabwereranso, ndi akazi amene anatsala okha ndi ana. Njala ija inapha mosankha, ndipo anatiuza zimenezi ndi amayi a pamtondo. Akatswiri athu, monga Kings Phiri pa mbiri ya Achewa ndi Owen Kalinga pa mbiri ya Angonde, anayenda m'midzi kufunsa akuluakulu, ndipo asanabwere iwo, Samuel Ntara anali atachita kale zomwezo.

Taonani tsono chimene chasintha. Chigayo chafika pafupifupi paliponse, ndipo m'midzi yambiri mtondo sukulira ngati kale. Nyimbo zodandaulira zija zapita kuti? Mwina zalowa m'kwaya, m'misonkhano ya banki mkhonde, kapena m'mauthenga a mawu a pa WhatsApp. Limeneli ndi funso lokwanira digiri yonse.

Zolembedwa zakale za dziko lino zimapezeka kuti?

Poyambira ndi ku National Archives of Malawi ku Zomba, imene inatsegulidwa mu 1947. Dziwani kuti moto umene unapsereza maofesi a boma ku Zomba mu 1919 unawononga mapepala ambiri a zaka zoyambirira za utsamunda, choncho za nthawi ya John Chilembwe ndi m'mbuyo mwake muyenera kuzifunafunanso kwina. Makalata ambiri a mishoni za Livingstonia ndi Blantyre ali ku Edinburgh. Mu 2011 boma la Britain linavomera kuti linkasunga mwachinsinsi mafayilo ochokera m'maiko amene linkalamulira, pamalo otchedwa Hanslope Park, ndipo ena mwa iwo ndi a Nyasaland. Nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula kuno m'zaka za m'ma 1950 zili ku International Library of African Music ku Makhanda, South Africa.

Njira yatsopano ili pawiri. Yoyamba ndi kujambula zonsezi kuti zikhale pa kompyuta, n'kuzibwezera kumene zinachokera. Tangoganizani kupita ndi nyimbo ya bangwe kumudzi kumene inajambulidwa, n'kuiseweretsa pamaso pa zidzukulu za woimbayo. Zimene anganene pomva mawu a agogo awo ndi kafukufuku kale. Yachiwiri ndi kufunafuna mapepala amene sanalowepo m'nkhokwe iliyonse: mabuku a ubatizo m'maparishi, makaundula a milandu kwa mafumu, mabuku a malipiro m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, makalata a m'masutikesi a anthu amene anapita ku migodi. Chiswe ndi chinyezi zikudya zimenezi tsiku lililonse.

Kodi n'zotheka kuchita kafukufuku wozama m'zilankhulo zathu?

Kufunsa mafunso timafunsa kale m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao. Chimene chimachitika pambuyo pake ndiye chovuta. Wofunsa amamva yankho lalitali, lokhala ndi mwambi ndi kuzungulira kwake, n'kulemba mzere umodzi wa Chingerezi. Mawu enieni a woyankha amathera pomwepo. Ndikupempha wophunzira aliyense kuti azisunga zojambula zake, azilemba mawuwo monga mmene ananenedwera, ndipo kumasulira kuzibwera pambuyo, pambali pa mawu enieniwo.

Zilankhulo zenizenizo nazo zikudikira ofufuza. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu mpaka chinabwerera pa wailesi mu 1994. Chichewa Board ya 1972 inalowedwa m'malo ndi Centre for Language Studies mu 1996, ndipo likulu limeneli linatulutsa mtanthauziramawu wa Chinyanja chokhachokha mu 2000. Mu 2014 boma linalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Kodi m'kalasi ya ana oposa 100, ku Chitipa kapena ku Mangochi, mphunzitsi amayankhula chiyani kwenikweni? Wina akakhale kumbuyo kwa kalasiyo teremu yonse n'kulemba zimene akumva. Palinso Chilomwe, chimene ambiri odzitcha Alomwe sachiyankhula, Chinyanja cha m'tauni ya Lusaka, ndi chiyankhulo cha achinyamata a ku Ndirande ndi Kawale chimene chimasintha chaka chisanathe.

Nanga AI, nzeru zopangidwa za makompyuta, ikukhudza bwanji maphunziro amenewa?

Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014, ndipo kuyambira 2019 gulu la Masakhane lakhala likusonkhanitsa akatswiri a mu Africa kuti makompyuta azimva zilankhulo zathu. Makina amaphunzira kuchokera ku zimene zalembedwa, ndipo Chichewa chambiri chopezeka pa intaneti ndi cha mabuku achipembedzo ndi zomasulira kuchokera ku Chingerezi. Chichewa cha pamaliro, cha pabwalo la milandu ndi cha mu minibasi n'chochepa kwambiri. Wodziwa zilankhulo ndi amene angaone pamene makina akulakwitsa ulemu, kunena "iwe" kwa apongozi. Akufunikanso wofunsa kuti mawu a agogo akalowa m'makinawa mwini wake amakhala ndani. Pa zolemba zanu, musakhulupirire dzina la buku kapena chaka chimene makina akupatsani musanachione ndi maso anu.

Kodi zimene anthu amakamba pa wailesi, pa Facebook ndi pa WhatsApp zingakhale umboni?

Inde, ndipo Malawi ali ndi mbiri yabwino pa njira imeneyi. Mu 1998 kunayamba kafukufuku wotsatira mabanja omwewo ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka. Mmodzi mwa atsogoleri ake, Susan Watkins, anaona kuti zimene anthu ankayankha pa pepala la mafunso zinali zosiyana ndi zimene ankakamba okhaokha. Kuyambira 1999 anapempha anthu ena a m'midzimo kuti azilemba m'makope zimene amva zokhudza Edzi pachitsime, pabawo, pamaliro ndi m'mabasi. Makopewo anaonetsa kuti anthu sanali chete kapena osadziwa monga mmene mabungwe ankanenera. Ankakambirana za matendawa tsiku ndi tsiku, kuchenjezana ndi kulangizana. Harri Englund naye anafufuza pulogalamu ya MBC ya Nkhani Zam'maboma n'kuonetsa kuti nkhani zija, zimene ophunzira ena ankaziona ngati zoseketsa chabe, zinali njira imene osauka ankadzudzulira olemera ndi olamulira.

Lero zokamba zambiri zasamukira pa foni. Mphekesera za anamapopa zimene zinabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mu 2017 zinaphetsa anthu, ndipo zinali zitamvekaponso mu 2002. Kungonena kuti ndi umbuli sikufotokoza kanthu. N'chifukwa chiyani zimabuka m'madera amenewo, nthawi imeneyo, ndipo amene amaganiziridwa amakhala ndani? Koma samalani: gulu la WhatsApp la mpingo kapena la banja si msika. Musatengemo mawu a munthu popanda chilolezo chake.

Za kusintha kwa nyengo si za asayansi kodi?

Kuyeza mvula ndi kwa asayansi. Koma Namondwe Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope atakwirira nyumba ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche ndipo anthu oposa 600,000 atasowa pokhala, mafunso amene anatsala anali a za anthu. Anamanga m'phirimo ndani, ndipo malowo anawagulitsa ndani? Amene anamva chenjezo pa wailesi koma osasamuka, ankaopa chiyani?

Ku Nsanje ndi Chikwawa boma lakhala likuuza anthu kuti asamukire kumtunda, makamaka chichitikireni madzi osefukira a 2015. Ambiri amabwerera. Wowaona patali amati ndi osamva. Wokhala nawo amapeza kuti kudambo kuli dimba lopatsa chakudya nthawi yachilimwe, kuli nsomba, kuli manda a makolo, ndipo mfumu yosamukira m'dera la mfumu ina imasanduka mlendo. M'madera a chikamwini funso limakula: malo atsopano alembedwa m'dzina la ndani, mayi mwini mbumba kapena mkamwini? Lamulo la malo a makolo la 2016 likukumana ndi mwambo pamenepa, ndipo zotsatira zake zikufunika wozilondola mudzi ndi mudzi.

Palinso zimene anthu amakumbukira. Napolo wa ku Zomba mu 1946 ndi wa ku Phalombe mu 1991 akadali m'nkhani za akuluakulu. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, ndipo asodzi a kumeneko amadziwa kumene amapita ikaphwa ndi mmene amabwererera. Nzeru zimenezi zikufunika kulembedwa mwaulemu, osati ngati zokometsera lipoti.

Ndiye kuti manambala alibe ntchito?

Ali nayo yaikulu. Popanda kalembera wa 2018, amene anapeza anthu 17.5 miliyoni, tikanangolota. Afrobarometer yakhala ikufunsa Amalawi maganizo awo pa ndale kuyambira 1999, mogwirizana ndi Centre for Social Research ya ku Zomba. Mtukula Pakhomo anayesedwa koyamba ku Mchinji mu 2006 asanafalikire. Ku Zomba, mu 2008 ndi 2009, ofufuza anapatsa atsikana ndalama, ena powauza kuti azipita kusukulu, ena popanda lamulo lililonse. Oyambawo anakhalitsa pasukulu, koma maukwati ndi mimba zinachepa kwambiri pakati pa achiwiriwo, ndipo ndalama zitasiya kubwera phindu lambiri linazilala. Manambala anaonetsa chimene chinachitika. Chifukwa chake chimadziwika pokhala pansi ndi mtsikanayo, mayi ake ndi ankhoswe. Wophunzira wa masiku ano aphunzire zonse ziwiri, ndipo asaope masamu.

Ndi nkhani ziti zimene zanyalanyazidwa?

Ulendo wa ku Joni. Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya ku South Africa, inaima mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera ku migodi, ndipo Theba, imene inalowa m'malo mwake, inatha mu 1988 pa mkangano woyeza magazi. Koma anthu sanasiye kupita. Ku Mzimba ndi Mangochi kuli nyumba za malata zomangidwa ndi ndalama za ku Johannesburg, akazi olera ana okha, ndi magalimoto obweretsa katundu ndi maliro. Ku Zimbabwe kuli zidzukulu za matchona zimene zimavina gule wamkulu m'mafamu ndi m'migodi koma sizinapondepo kwawo kwa agogo awo. Gule yemweyo UNESCO inamulemekeza mu 2005 pamodzi ndi vimbuza, ndipo zimene ulemu umenewu wasintha kudambwe n'zofunika kuzifufuza.

Onjezanipo a kabaza, katapila, kubetcha mpira pa foni, mipingo ya aneneri, mtengo wa maliro m'tauni, ndi mmene anthu wamba anamvera chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020 chimene chinathetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019.

Anthu a m'midzi ena akuti atopa ndi kufunsidwa. Tichite chiyani?

Akunena zoona. Pali midzi imene imalandira alendo a tabuleti chaka ndi chaka. Galimoto imaima kwa amfumu, achinyamata amabalalika m'makomo, mayi amasiya mphika pamoto n'kuyankha mafunso kwa maola awiri: mumadya kangati, muli ndi mbuzi zingati, munagonapo ndi anthu angati. Pomaliza amalandira sopo kapena paketi ya shuga, ndipo za zimene zinapezeka samvanso.

Chilolezo cha komiti n'chofunika. Pali komiti ya National Commission for Science and Technology yoona za kafukufuku wa za anthu, ndipo mayunivesite ali ndi makomiti awo. Koma chidindo cha komiti sichilowa m'malo mwa ulemu. Fotokozani m'chilankhulo cha munthuyo kuti ndinu ndani, ndipo nenani poyera kuti simunabweretse thandizo. Amfumu akavomera sindiye kuti mayi uja wavomera. Mukamaliza, bwererani. Pemphani bwalo, nenani zimene mwapeza, ndipo alekeni akutsutseni. Nthawi zambiri pamenepo m'pamene mumamva mfundo imene munaiphonya. Wailesi za m'madera zingathandizenso, ndipo tsamba limodzi lolembedwa m'Chichewa kapena m'Chisena lingasiyidwe kwa amfumu ndi kusukulu. Amene anakuthandizani kufunsa ndi kumasulira, ngati anathandiza kuganiza, dzina lawo liyenera kuoneka pa zolembazo.

Kodi kufufuza za ndale n'kotetezeka?

Malamulo a dziko a 1994 amateteza ufulu wophunzitsa ndi kufufuza momasuka, koma ufuluwo unayesedwapo. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi anaitanitsa Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa ndale pa Chancellor College, chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi chokhudza kusowa kwa mafuta ndi zipolowe za ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi anzake anakana kulowa m'kalasi, ndipo maphunziro anaima kwa miyezi yambiri. Lero pali lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma, limene linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndipo ofufuza ayenera kuligwiritsa ntchito polemba makalata opempha zikalata. Amene ali pachiopsezo chachikulu kawirikawiri si inu, koma kalaliki kapena mphunzitsi amene wakuuzani zoona. Sinthani dzina lake, bisani mudzi wake, ndipo foni yokhala ndi mawu ake ikhale yokhoma.

Ndilibe ndalama za kafukufuku. Ndiyambire pati?

Yambirani pamene mungafike ndi phazi kapena njinga, m'chilankhulo chimene mumachimva mpaka nthabwala zake. Mudzi umodzi, msika umodzi, mpingo umodzi kapena siteji imodzi ya kabaza, mukaidziwa bwino, iposa maboma asanu ongodutsamo. Chepetsani funso mpaka likwane m'chiganizo chimodzi chimene azakhali anu angachimve.

Musanapite, werengani zimene ena analemba za deralo. Society of Malawi Journal yakhala ikutuluka kuyambira 1948, Journal of Humanities ya ku Zomba ilipo, ndipo m'malaibulale a mayunivesite muli zolemba za ophunzira akale zimene zili ndi mawu a anthu amene anamwalira kalekale. Mukajambula, sungani pawiri, pa foni ndi pena. Lembani tsiku, malo ndi chilankhulo pa fayilo iliyonse usiku womwewo. Pomaliza funsani woyankhayo ngati akulola kuti mawu ake akasungidwe ku laibulale ya yunivesite kapena ku National Archives ku Zomba, ndipo banja lake mulipatse kope yawoyawo.